Nyama Ikafa ku Benga, Amaipima Ndani?

Inu a ku nthambi yoona za umoyo wa ziweto, inu oyang'anira nyama zakutchire, inu a ku Unduna wa Zaumoyo, nanunso a ku Khonsolo ya Nkhotakota, tiyankheni. Nkhuku 30 zikafa usiku umodzi m'mudzi wina ku Benga, ndani mwa inu amene amamva? Amamva tsiku lomwelo, kapena mwezi ukatha, lipoti likafika pa desiki? Pa nkhuku zakufazo, ndi zingati zimene zimafika m'manja mwa munthu wodziwa kupima? Nanga zotsalazo zimathera kuti? Funso lomalizali ngakhale mwana wa ku Benga angakuyankheni. Zina zimalowa mumphika. Zina zimaponyedwa kudzala, agalu ndi amphaka n'kukazitola. Zimene zidakali ndi mpweya zimamangidwa pa njinga m'bandakucha kuti zikafike kumsika zisanagwe.

Tikufunsa chifukwa cha zimene zakhala zikuchitika kumalo osungirako nyama zoti anthu azikaona, aja amati zoo, m'mayiko a ndalama kuposa lathu. Mu 2010, mumzinda wa Wuppertal ku Germany, chimbalangondo choyera cha kumadzi oundana, dzina lake Jerka, chinayamba kukomoka ndi kuphupha, kenako chinafa. Chinzake, Lars, chinadwalanso koma chinachira. Akatswiri a ku Berlin atapima chakufacho anapeza zimene munthu sankaziganizira: kachilombo kamene kanachipha kanali kochokera kwa mbidzi. Mbidzi ya ku Africa ndi chimbalangondo cha ku Arctic sizingakumane kutchire mpaka kalekale, ndipo ngakhale mu zoo momwemo makola awo anali otalikirana. Kachilomboko kanapezabe njira. Ofufuzawo anakayikira makoswe ndi mbewa zoyendayenda pakati pa makola.

Ku Thailand mu 2004, pa zoo ya Sri Racha, akambuku amizeremizere a ku Asia okwana 147 anafa kapena kuphedwa chifukwa cha chimfine cha mbalame cha mtundu wa H5N1. Anachitenga ku nkhuku zosaphika zimene ankawapatsa ngati chakudya. Patapita zaka 20, mu 2024, matenda omwewo anapha akambuku 47 ndi mikango 3 m'malo awiri osungirako nyama kummwera kwa Vietnam. Mu April 2020, kambuku wotchedwa Nadia ku Bronx Zoo mumzinda wa New York anapezeka ndi COVID-19, ndipo anaitenga kwa munthu womusamalira amene sankaoneka kuti akudwala. Kufupi kuno, ku Gauteng m'dziko la South Africa, mikango ya pa zoo ina inadwala matenda omwewo mu 2021, yopatsiridwanso ndi antchito ake.

Nkhani zonsezi tikuzidziwa pa chifukwa chimodzi. Panali munthu amene anatenga magazi, anang'amba nyama yakufayo, anatumiza ziwalo ku labotale, ndipo zotsatira zitabwera anazilengeza. Kumeneko nyama iliyonse ili ndi dzina, ili ndi buku lake, ili ndi dokotala woiyendera. Ndi chisamaliro chonsecho kachilombo kanadumphabe kuchoka pa mbidzi kupita pa chimbalangondo, kuchoka pa nkhuku kupita pa kambuku, kuchoka pa munthu kupita pa mkango. Nanga kuno, kumene nkhuku imagona m'nyumba limodzi ndi ana, chikuletsa kachilombo kudumpha n'chiyani? Mukakhala chete, kodi ndiye kuti matenda kulibe, kapena ndiye kuti palibe amene wayang'ana?

Mwina muti kuno kulibe zoo, choncho nkhaniyi ndi ya eni ake. Musathawire kumeneko. Ku Lilongwe kuli Lilongwe Wildlife Centre, kumene amalera anyani, apusi, agwape ndi nyama zina zolandidwa kwa ozembetsa. Ku Salima, boma loyandikana nafe, kuli malo osungirako nyama a Kuti. M'midzi ndi m'matauni muli anthu osunga apusi pa chingwe, ndipo ana amasewera nawo. Koma tisapite patali. Imani pakhomo lililonse la kwa Mwadzama madzulo muwerenge mitundu ya zamoyo zimene zikumwera m'chithaphwi chimodzi: galu, mphaka, mbuzi, nkhuku, bakha, nkhanga, nkhunda, ndi nkhumba kwa amene amaweta, poti abale athu achisilamu saziyandikira. Onjezanipo makoswe a m'nkhokwe, mileme ya m'mitengo ya mango, apusi olowa m'munda wa chimanga, ndi mbalame za m'madzi zimene zimatera m'minda ya mpunga ndi ku Chia, zina zitauluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia. Palibe zoo padziko lapansi imene ingalole mitundu yochuluka chotere kusakanikirana popanda khoma. Ife timakhala choncho tsiku ndi tsiku, ndipo si mlandu wa mlimi. Ndi mmene moyo wa kumudzi ulili. Mlandu ndi wa amene anapatsidwa ntchito yolondera.

Kumtunda kwathu kuli nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita 1,800. Kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Njovu za mmenemo zinali zitatsika kuchoka pa zoposa 1,500 kufika pa zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 ndi nyama zina pafupifupi 2,000 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Inali ntchito yaikulu, ndipo tikuiyamikira ndi mtima wonse. Nkhalango imene inali itatsala mitengo yokha inakhalanso ndi moyo. Komatu nyama ikamasamuka imasamuka ndi zonse zili m'magazi mwake. Njati imatha kunyamula kachilombo ka zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi iyo ili bwinobwino, ndipo alimi a ng'ombe ku Chikwawa ndi ku Nsanje akudziwa mmene matendawa amatsekera misika yawo. Njiri ndi nguluwe zimatha kusunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba osadwala. Sitikunena kuti nyama za mu nkhalango yathuyi zikudwala. Tikufunsa: lero, patapita zaka zonsezi, zimapimidwa kangati? Zotsatira zake zimasungidwa kuti? Mlangizi wa ziweto wa m'dera loyandikana ndi mpanda anazionapo? Mfumu ya m'mudzi umene nguluwe zimafukula chinangwa usiku inauzidwapo kalikonse? Ngati zotsatirazo n'zabwino, chovuta n'chiyani kuzimata pa bolodi la kuofesi ya zaulimi?

Mpanda wamagetsi unamangidwa kuti uletse njovu, ndipo ngakhale njovuzo nthawi zina zimauthyola. Suletsa nkhupakupa. Suletsa mleme, mbalame, khoswe kapena ntchentche ya kashembe. Anthu a boma lino safunika kuuzidwa zimenezi, chifukwa Nkhotakota ndi Rumphi ndi ena mwa maboma amene matenda a kaodzera sanachokemo. Kaodzera samayamba ndi vairasi ayi, koma njira yake ndi yomweyo: kuchoka m'magazi a nyama yakutchire, kudzera pa kashembe, kufika pa ng'ombe ndi pa munthu.

Ndipo matenda samangoyenda kuchokera kutchire kubwera kumudzi. Kawirikawiri amayenda chobwerera. Mu 1994, ku Serengeti m'dziko la Tanzania, mikango pafupifupi 1,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango yonse ya kumeneko, inafa ndi matenda a agalu otchedwa distemper. Ofufuza analoza agalu a m'midzi yozungulira. Dziko lathu lawononga chuma chambiri kubwezeretsa mikango ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, ndiponso mimbulu 14 mu 2021. Inu oyang'anira nyama zakutchire, mukudziwa kuti galu mmodzi wosabayidwa katemera wolowa ndi mlenje pansi pa waya akhoza kufafaniza zonsezo. Ndiye agalu a m'midzi yozungulira nkhalango ya Nkhotakota alipo angati? Obayidwa ndi angati? Ndani ali ndi chiwerengerocho, inu kapena a zaulimi? Kapena aliyense akuyembekeza kuti chili ndi mnzake?

Tiime pa chiwewe, chifukwa apa mpomwe pakufera ana athu. Chiwewe ndi vairasi yodumpha mitundu kuposa ina iliyonse imene timaidziwa kumudzi: galu, nkhandwe, fisi, mphaka, mbuzi, ng'ombe, munthu. Bungwe la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onse atalumidwa ndi agalu, ndipo 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibe dokotala amene angabweze munthu. Koma asanafike pamenepo njira ilipo, ndipo ndi yodziwika: kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuthamangira kuchipatala kukalandira katemera. Njira yothetseratu matendawa ndi yodziwikanso: kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse, chaka ndi chaka, osadumphitsa.

Musanene kuti m'Malawi muno n'zosatheka. Mu 2015, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth chinatsika kwambiri. Zinachitika kuno konkuno, ndi manja a Amalawi. Nanga mwana wa ku Benga wasiyana pati ndi mwana wa ku Ndirande? Akalumidwa Loweruka madzulo, mayi ake alowere kuti? Akamuuza kuti ayambe wakatenga kalata kwa a vetenale, ofesiyo ili pa mtunda wotani, ndipo imatsegulidwa Lamlungu? Akafika pa chipatala chaching'ono cha kufupi, katemera amamupeza mufiriji, kapena amauzidwa kuti akwere galimoto apite kuboma? Ndalama yokwerera maulendo onse a katemerayo ikasowa pa ulendo wachiwiri, alipo amene amamutsatira kunyumba? Nanga galu wolumayo akaphedwa ndi anyamata a m'mudzi, mutu wake umafika ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe, kapena umaola pathengo?

Pali china chimene chiyenera kukusowetsani tulo. Mu 2007, Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa chipatala cha Queen Elizabeth: mwa ana 26 amene anamwalira atalembedwa kuti akudwala malungo a muubongo, 3 anali ndi chiwewe. Zinadziwika chifukwa madokotalawo anapima. Pamenepo ndi pa chipatala chachikulu, chokhala ndi akatswiri ndi zipangizo. Kuno kunyanja malungo ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo mwana aliyense wotentha thupi ndi kukomoka timangoti ndi malungo. Ndi ana angati a m'mbali mwa nyanja muno amene tinawaika m'manda ndi dzina la matenda olakwika? Mafomu anu a pamwezi akasonyeza kuti chiwewe kulibe, mumakhulupirira fomuyo?

Nkhuku nazonso ndi chimodzimodzi. Zikayamba kusinza, kugwetsa mapiko ndi kufa motsatizana, mudzi wonse umati chitopa chafika. Nthawi zambiri n'zoona, ndipo chitopa chili ndi katemera wake wa I-2, wodonthezera m'diso, amene amapangidwa m'dziko mwathu muno. Koma chimfine cha mbalame chimapha nkhuku mofanana kwambiri ndi chitopa, moti ndi maso okha ngakhale dokotala wa ziweto sangalumbire kuti ichi n'chakuti. Amasiyanitsa ndi labotale basi. Kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa H5N1 imapha ndi anthu omwe, makamaka amene amasosola ndi kutumbula nkhuku zodwala, ntchito imene kwathu kuno imagwiridwa ndi amayi ndi ana. Mu 2023 South Africa inataya nkhuku mamiliyoni ndi chimfine cha mbalame mpaka mazira anasowa m'masitolo. Mu March 2024 matendawa anapezeka m'ng'ombe zamkaka ku America, kumene akatswiri sankayembekezera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limene H5N1 idzatere ndi bakha wakutchire pa dambo la kuno, mudzaidziwa bwanji? Pa miliri yonse ya nkhuku imene inalembedwa kuti chitopa m'boma lino chaka chathachi, ndi ingati imene inatsimikizidwa ndi labotale? Mlangizi wa ziweto ali ndi timabotolo totengera zoyeza? Ali ndi bokosi lozizira? Ali ndi mafuta a njinga yamoto?

Tikudziwa zimene mudzanene: alimi amabisa, amagulitsa ziweto zodwala, samvera malangizo. N'zoona kuti amagulitsa. Koma dzifunseni chifukwa chake. Chigodola chikalowa m'khola chimatha kupululutsa nkhumba zonse m'masiku ochepa. Chilibe mankhwala, ndipo kuno tilibe katemera wake. Nkhumba zimenezo ndi fizi ya mwana, ndi feteleza wa chaka chino, ndi malata a nyumba. Mlimi akakanena kwa inu, chimene amapeza ndi chiletso cha kupha ndi kugulitsa. Akakhala chete n'kupha usiku, amapulumutsako kangachepe. Mwaika patsogolo pake njira ziwiri, ina yotaya zonse, ina yotsala ndi pang'ono, ndiye mukudabwa kuti wasankha iti? Nyamayo imakwera pa njinga, imatsata msewu wa M5, imakafika pa chiwaya ku Salima kapena ku Dwangwa, makombo ake n'kudyedwa ndi nkhumba za kumeneko. Kachilombo ka chigodola sikadwalitsa munthu, koma kamakhala moyo m'nyama kwa nthawi yaitali, ndipo kafukufuku wa ku Mchinji m'zaka za m'ma 1980 anakapeza m'nkhupakupa zobisala m'ming'alu ya makola, popanda njiri ngakhale imodzi pafupi. Choncho kuloza chala kutchire sikukuchotserani udindo. Kodi chipukuta misozi cha mlimi wonena zoona chili pati mu bajeti yanu? Ngati palibe, mukuyembekeza kuti akuuzeni chifukwa cha chiyani?

Dziko lino linaonapo kale zimene vairasi imodzi ingachite. Mliri wa ng'ombe wa rinderpest unalowa mu Africa kudzera ku Eritrea cha m'ma 1887, unafika kumpoto kwa nyanja yathu mu 1892, n'kupululutsa ng'ombe za Angonde ku Karonga pamodzi ndi njati za kutchire, ndipo mu 1896 unawoloka Zambezi. Matenda omwewo analengezedwa mu 2011 kuti atheratu padziko lonse. Anatha ndi katemera, ndiponso ndi anthu oyenda mudzi ndi mudzi, khola ndi khola, kufunsa abusa ndi kutenga magazi.

Anthu oyenda khola ndi khola amenewo ndi amene tikuwafuna lero. Ku Mikolongwe amaphunzitsa alangizi a ziweto. Ku Bunda, yunivesite ya LUANAR tsopano imatulutsa madokotala a ziweto athuathu. Akamaliza maphunziro amapita kuti? Ndi angati amene mwawalemba ntchito n'kuwatumiza kunyanja kuno? Mlangizi mmodzi akusamalira midzi ingati? Pamene panapezeka helikopita, makina onyamulira ndi malole osamutsira njovu makilomita mazanamazana, zinaonetsa kuti abwenzi akunja amapereka ndalama akauzidwa bwino chofunika. Munawauzapo kuti chitetezo cha nyama zomwezo chimayambira pa galu wa m'mudzi? Munapemphapo firiji ya dzuwa yosungira katemera m'madera ozungulira nkhalango?

M'misonkhano ya m'mahotela mumatchula One Health, kutanthauza kuti umoyo wa munthu, wa chiweto ndi wa nyama yakutchire ndi umodzi. Mfundoyo ndi yoona. Koma ifikeni nayo pansi. Mlonda wa m'nkhalango akapeza fisi wakufa popanda bala, amaimbira ndani kunja kwa ofesi yake? Mlangizi wa ziweto akaona ng'ombe ikutuluka dovu ndi kulira modabwitsa, amadziwitsa a chipatala tsiku lomwelo? Mlangizi wa zaumoyo akalemba anthu 5 olumidwa ndi agalu m'mudzi umodzi sabata imodzi, pepalalo limafika kwa a vetenale? Anthu atatuwa amagwira ntchito m'dera limodzi. Anakhalapo pansi pamodzi liti? Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wozembetsa akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Zimenezo n'zabwino. Koma ngaka kapena pusi akalandidwa pa rodibuloko, wapolisi amene wamugwira ndi manja anapatsidwa magolovesi? Anaphunzitsidwa chochita akalumidwa?

Nanunso mafumu, aphungu ndi makhansala a dera lino, nkhaniyi musaisiyire a ku Lilongwe okha. Mumaitanitsa misonkhano ya makuponi ndi ya malire a minda. Munaitanitsapo msonkhano woti anthu abweretse agalu awo? Pa ndalama za chitukuko cha dera, mudapatulapo kangati kakatemera wa nkhuku?

Zimene tikupempha si zodula. Nambala imodzi ya foni, yodziwika kwa mfumu iliyonse, yoti munthu aimbe ziweto zikafa modabwitsa, ndipo woyankhayo afike pasanathe masiku awiri. Katemera wa chiwewe wa anthu pa chipatala chimene mayi angafikeko wapansi. Zotsatira za kupima nyama, zoweta ndi zakutchire zomwe, zolengezedwa pa wailesi ya m'dera m'Chichewa chomveka. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasadzapezekenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu, ndipo pa 28 September chaka chilichonse mumavala malaya olembedwa uthenga umenewo. Ndiye tiuzeni tsiku limene mudzabaye agalu ku Benga chaka chino. Mudzaima pa sukulu iti ndi pa bwalo la mfumu iti? Mudzabwera ndi mabotolo angati? Ndipo mukadzatha, ndani adzabwerere kudzawerenga agalu amene sanabwere?